Kodi Kompyuta Ingalephere Bwanji Kudzipeza Yokha?

Kuno kunyanja, foni ikakana kulumikizika, aliyense amamudziwa wolakwa. Ndi netiweki. Mavenda a usipa pa Chia amakweza foni m'mwamba, ena amachoka padooko n'kukwera kumtunda cha kumsewu wa M5, ena amangoithimitsa n'kuiyatsanso. Palibe amafunsa zambiri, poti kawirikawiri zimathekadi. Ndiye mundimvetse ndikamati pali chinthu chandizunguza mutu. Makina amene ali ku Ulaya, m'nyumba imene magetsi sathimathima, pa intaneti yothamanga kuposa iliyonse ya m'boma lathu lino la Nkhotakota, nawonso amadandaula kuti alephera kulumikizika. Alephera kulumikizika ndi ndani? Ndipo kumeneko munthu amayambira pati kufufuza?

Zimenezi ndazimva kwa mwana wa mlongo wanga. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo tsopano amagwirira ntchito kakampani kena ka ku Lilongwe ali pakhonde pathu pano. Kampaniyo inapanga webusaiti yolembera mpunga umene alimi amagulitsa kudzera m'magulu awo. Kalaliki akayeza matumba amalemba pafoni dzina la mlimi, makilogalamu ndi mtengo, ndipo ndalama zimatsata zimene zalembedwazo. Mtsikanayu sindiye anaipanga webusaitiyo. Ntchito yake ndi kuiyesa.

Ndinamufunsa kuti kuyesako n'kwa chiyani, poti chinthu chikamagwira ntchito chimaoneka chokha. Anati webusaiti siikhala chimodzimodzi masabata awiri. Lero wina wawonjezera malo olembapo mtundu wa mpunga, kaya ndi Kilombero kaya Faya. Mawa wina wasintha kawerengedwe ka ndalama. Kusintha kulikonse kungaononge china chimene dzulo chinali bwinobwino. Munthu atati azitsegula tsamba lililonse ndi kudina batani lililonse tsiku ndi tsiku, angatope n'kuyamba kudumpha zina. Choncho iye amalemba malangizo, ndipo pulogalamu ina yotchedwa Selenium imatsegula Chrome yokha, kulemba dzina, kulemba makilogalamu, kudina batani, n'kuona ngati ndalama zatuluka zolondola. Ndinazionera pafupi: iye wapinda manja, koma pasikirini zilembo zikudzilemba zokha m'timabokosi, tsamba ili latseguka, ilo latsekeka, diso osatha kutsatira.

Selenium si ya dzulodzulo. Anaiyamba ndi Jason Huggins mu 2004 ku Chicago, akugwira ntchito ku ThoughtWorks, pofuna kuyesa pulogalamu ya pakampani pawo yolembera maola a ntchito ndi ndalama zimene antchito agwiritsa ntchito. Kenako Simon Stewart anabwera ndi njira ina yotchedwa WebDriver yolamulira browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ngati Chrome. Ziwirizi zinaphatikizidwa mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la W3C, loona za miyezo ya mawebusaiti, linavomereza WebDriver kukhala muyezo wa onse. Zaka zonsezo, anthu anzeru onsewo, koma vuto la kulumikizika likadalipo. Chifukwa chiyani?

Choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti mayeso enieni sachitikira pa laputopu yake. Amachitikira pa seva, kompyuta ya lendi imene ili ku Frankfurt, ku Germany. Iye sanaionepo, ndipo sadzaiona. Ndinafunsa ngati kulibe zoterezi kufupi. Anati ziliko: Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Koma anzake anayambira ku Frankfurt ndipo zonse zili kumeneko. Usiku iye amatseka laputopu, mayeso amayenda okha, m'mawa amapeza mizere: yobiriwira ngati zayenda, yofiira ngati zakanika.

M'mawa wina mizere yonse inali yofiira, ndipo pansi pake panali mawu awiri: Connection refused.

"Ndi netiweki yathuyi?" ndinafunsa, poti usiku umenewo kunagwa mvula yamphamvu ndipo magetsi anathima.

"Ayi, amalume. Kuno kukanagwa ngakhale matalala, seva siikanadziwa. Mayeso anayamba kumeneko, n'kuthera kumeneko. Sanadutse m'Malawi muno."

"Nanga wakana ndi ndani? Wakanidwa ndi ndani?"

Anasiya kiyibodi n'kunditembenukira. Anati funso limenelo ndiye ntchito yonse, ndipo anthu ambiri amataya tsiku lathunthu chifukwa salifunsa. Zimene ine ndinkaziona ngati chinthu chimodzi, ndi zinthu zinayi. Pali malangizo amene iye walemba. Malangizowo salankhula ndi Chrome mwachindunji. Amalankhula ndi kapulogalamu kena ka pakati kotchedwa ChromeDriver. Kameneko ndiye kamadzutsa Chrome ndi kuiuza zochita. Chrome ndiye imapita kukatsegula webusaiti. Zinayi zonsezi zikhoza kukhala m'makina amodzi, komabe zimaitanana potsata malamulo omwewo a intaneti, chilichonse chikudikira pa khomo lake. Makina aliwonse ali ndi makomo oposa 65,000, lililonse ndi nambala yake. Mawebusaiti otetezedwa amadikira pa 443. ChromeDriver kwa zaka zambiri yakhala ikudziwika ndi 9515. Selenium Grid, imene imagawa mayeso ku makina ambiri, imadikira pa 4444. Ndiye mawu akuti kulumikizana kwakanika akhoza kunena za malo atatu osiyana, ndipo amaoneka ofanana.

"Amalume," anatero, "mukapita kwa munthu n'kuodira, pali zitatu. Mwina mwana atuluka n'kukuuzani kuti amene mukumufunayo kuno kulibe. Mwina muodira, muodiranso, kuli zii, mpaka mutopa n'kubwerera. Mwinanso simunafike n'komwe, chifukwa amene munamufunsa njira sakuidziwa nyumbayo."

Choyambacho ndiye Connection refused. Makina alipo, ali moyo, ayankha msangamsanga, kungoti pa khomo limenelo palibe pulogalamu imene ikudikira. Chachiwiri amalemba kuti timed out: uthenga wapita, yankho silinabwere, ndipo kawirikawiri pali firewall, pulogalamu yotchinga mauthenga osaloledwa, imene yaumeza mwakachetechete, kapena njira yaduka penapake. Chachitatu ndi vuto la DNS, dongosolo limene limasandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala ya makina, dzinalo silinapezeke.

Ndinakhala kaye chete. Ndiye kuti kukanidwa n'kwabwinoko kusiyana ndi kusayankhidwa? Anati eya, kwa munthu wofufuza n'kwabwino kwambiri, chifukwa kumakuuza kuti njira ilibe vuto. Usavutike ndi zingwe. Kafufuze chifukwa chake amene amayenera kudikira sakudikira.

Apa ndiye panabwera funso limene ndikuganiza kuti aliyense angafunse. Ngati mayeso omwewo akuyenda pa laputopu yake, imene batire yake inatha kale mphamvu, amakanika bwanji pa makina amphamvu a ku Frankfurt? Si amphamvuwo amayenera kuchita bwino?

Yankho lake linali lalitali, ndipo ndinalikonda chifukwa zonse zinali zinthu zomveka. Seva ilibe sikirini. Chrome ikadzuka imafuna pojambulira zenera lake. Ikapeza kuti palibe, imafa nthawi yomweyo, ndipo ChromeDriver imatsala ikuitana chinthu chimene kulibe. Kale anthu ankanamiza browser ndi sikirini yongoyerekezera yotchedwa Xvfb. Kuyambira pa Chrome 59, mu 2017, pali njira yoiyendetsa popanda zenera, imene amati headless, koma uyenera kukumbukira kuiuza. China, pa seva zinthu zambiri zimayenda m'dzina la root, mwini ulamuliro wonse pa makinawo, ndipo Chrome imakana kudzuka m'dzina limenelo pokhapokha utaichotsera chitetezo chake. Ambiri amangochichotsa polemba --no-sandbox. Iye anati amakonda kupanga dzina lina lopanda ulamuliro waukulu n'kuyendetsera mayeso mmenemo, ndipo ine ndikugwirizana naye: chitetezo chimene anachiika dala sichiyenera kuchotsedwa kungoti mzere ubiriwire. Chinanso ndi malo. Mayeso ambiri amayenda m'timabokosi ta pulogalamu yotchedwa Docker, ndipo Docker ikapanda kuuzidwa imapereka ma megabyte 64 okha pa malo ena amene Chrome imasungirapo zinthu ikamagwira ntchito. Tsamba likalemera, malowo amadzaza, Chrome imagwa pakati pa mayeso, ndipo uthenga umene umatsala umangonena kuti kulumikizana kwaduka.

Palinso nkhani ya misinkhu. Mu 2021 Google inayamba kutulutsa Chrome yatsopano milungu inayi iliyonse, ndipo ChromeDriver iyenera kukhala ya msinkhu wofanana nayo. Chrome ikadzikonza yokha usiku, mnzakeyo n'kutsala wakale, m'mawa sazindikirana. Vuto limeneli linatopetsa anthu mpaka mu 2022 a Selenium anawonjezera kachida kotchedwa Selenium Manager kuti kazifananiza ziwirizi. Koma nakonso kamafuna kukatenga zinthu pa intaneti, ndipo pa seva imene firewall yake yatsekeredwa kwambiri kamalephera.

Ndinafunsa kuti pa zonsezi amadziwa bwanji chimene chavuta. Kodi amayesa chimodzichimodzi mpaka china chitheke? Anapukusa mutu. Anatsegula zenera lakuda lokhala ndi zilembo zoyera, n'kulowa mu seva ija ali pompano, nkhuku zikutola mpunga wotayika pafupi ndi mapazi ake. Analemba lamulo loonetsa makomo amene ali ndi wodikira. Kenako analemba curl ndi adiresi ya webusaiti yoyeserayo, kuti aone ngati seva yokhayo, popanda Chrome, popanda Selenium, ingaifike. Inakanidwa. Ndiye kuti Chrome inalibe mlandu. Anawerenga log, buku limene makina amalembamo zimene zachitika ndi nthawi yake, akutsata mzere ndi chala pasikirini. Sanasinthe kanthu kalikonse mpaka atadziwa malo amene zadukira. Izi zinandigwira mtima, chifukwa ife tinazolowera kuthimitsa ndi kuyatsa, ndipo zikatheka sitidziwa chimene chinavuta.

Chimene anapeza ndicho chinandipatsa mutu wa nkhani ino. Malangizo ake ankauza Chrome kuti ikatsegule webusaiti pa adiresi yotchedwa localhost, imene nambala yake ndi 127.0.0.1. Pa makina aliwonse padziko lapansi adiresi imeneyi imaloza makina omwewo. Pa laputopu yake, webusaiti yoyesera ndi Chrome zinali pamodzi, ndiye zinkapezana. Koma mnzake wa ku Lilongwe anali atasintha kakonzedwe ka pa seva dzulo lake: Chrome anaiika m'kabokosi kake ka Docker, webusaiti m'kabokosi kena. Kabokosi kalikonse kamadziona ngati makina apaokha. Chrome inafunafuna webusaitiyo mwa iyo yokha, m'kabokosi kake, ndipo inayankhidwa zoona: kuno kulibe. Anasintha mzere umodzi, m'malo mwa localhost n'kulemba dzina la kabokosi kenako. Anauzanso webusaitiyo kuti izimvera oitana ochokera kunja kwa kabokosi kake. Mizere inayamba kubiriwira umodziumodzi.

Ndiye kuti makina sananame? Sananame. Anachita zimene anauzidwa.

Koma si tsiku lililonse zimatha bwino chotere. Pali mayeso ena amene lero alephera, ukawayendetsanso osasintha kanthu ayenda. Anandiuza kuti kawirikawiri n'chifukwa cha changu: mayeso ayamba webusaiti isanamalize kudzuka, ndiye aitana pa khomo lopanda munthu, pomwe akanadikira masekondi ochepa akanayankhidwa. Pa laputopu sizioneka chifukwa webusaiti imakhala itadzuka kale. Ndinafunsa kuti ngati ulendo woyamba alephera, wachiwiri ayenda, woona ndi uti? Anati onse awiri. Ndinafunsanso kuti anthu amatani. Anati ena amaika lamulo lakuti mayeso akalephera azibwereza okha mpaka abiriwire. Ena amawauza kuti azigona masekondi khumi asanayambe. Iye amalemba kuti mayeso azifunsa kaye ngati webusaiti yadzuka, ndipo ayambe pokhapokha yavomera.

Zobwereza mpaka zibiriwire zija sizinandisangalatse. Ngati mzere wofiira umabwera kudzatichenjeza, ndipo ife taupezera njira yoti uzisowa wokha, ndiye tikuuyendetseranji? Tsiku limene kulephera kudzakhale kwenikweni, adzakukhulupirira ndani? Kumbuyo kwa mizere imeneyi kuli mayi amene wanyamula mpunga kuchokera kudambo la Bua, wauuma, waupeta, ndipo akudikira ndalama ya fizi.

Kuganiza za mayi ameneyu ndiko kunandibwezera kunyanja kuno. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere. Intaneti yathu imadutsa m'zingwe za pamtunda kupita ku maiko oyandikana nawo ngati Tanzania ndi Mozambique, n'kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja ya Indian monga Seacom, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri zimenezi zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a kuno kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Za magetsi tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anaonongera Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130. Nsanja za mafoni nazo zimadya magetsi.

Ndinamufunsa kuti: "Tsiku ngati limene zingwe zinaduka lija, mayeso akowa akanaonetsa chiyani?"

Anayamba wakhala chete. "Akanabiriwira, amalume. Onse."

"Pomwe kalaliki wa ku Dwangwa akulephera kutsegula tsamba?"

"Eya. Chrome ili ku Frankfurt, webusaiti ili ku Frankfurt. Pakati pawo palibe nyanja."

Apa ndiye ndasokonezeka zenizeni, ndipo sindikunena izi ponyoza ntchito ya mwanayu, imene ndaiona kuti ndi yofunika. Kulephera kulumikizika kumene iye amathera m'mawa wonse akukonza n'kwa pakati pa mapulogalamu okhala m'makina amodzi. Kulephera kulumikizika kumene kumavuta kalaliki ndi mlimi n'kwina, ndipo mayesowo sakuona. Akamati webusaiti yayesedwa ndipo ili bwino, ili bwino kwa ndani? Anandiuza kuti mwa muyezo wa WebDriver, browser ikapanda kuuzidwa zina imadikira tsamba mpaka masekondi 300. Amenewo ndi mphindi zisanu. Ndi kalaliki uti angaime mphindi zisanu akuyang'ana tsamba loyera, alimi ali pamzere padzuwa, bando ikutha?

Ndinafunsa ngati makina a ku Frankfurt angaphunzitsidwe kuvutika ngati ife. Sindinkadziwa ngati funsolo lili ndi mutu, koma iye anati n'zotheka ndithu. Chrome ili ndi njira yodzichedwetsera dala, kuti izichita ngati ili pa netiweki yofooka, ngakhalenso kudzidula kotheratu, ndipo Selenium ikhoza kuilamula kutero pakati pa mayeso. Nanga bwanji simuchita? Anati palibe anapempha. Ofesi ya ku Lilongwe ili ndi intaneti yabwino, ndipo munthu amayesa zimene amakumana nazo.

Ndiye ndinamupatsa funso limene linali kundisowetsa tulo. Kalaliki walemba matumba a mlimi, wadina batani lotumiza, netiweki yaduka pomwepo. Pafoni sipanabwere yankho lililonse. Kodi matumbawo alembedwa kapena ayi? Iye sadziwa. Netiweki ikabwerera adinanso, poti ndi mmene aliyense angachitire. Kodi tsopano alembedwa kamodzi kapena kawiri? Ngati sanalembedwe, mlimi waluza. Ngati alembedwa kawiri, gulu laluza, ndipo podzawerengera kumapeto kwa nyengo adzati kalaliki ndi wakuba.

Sanandiyankhe ndi pakamwa. Anakhala pansi madzulo amenewo n'kulemba mayeso atsopano: tsegula tsamba, lemba matumba, dina batani, dula netiweki yankho lisanafike, ibwezere, dinanso, kenako werenga kuti m'kaundula mwalowa mizere ingati. Anawatumiza ku seva. M'mawa mwake munali mzere umodzi wofiira pakati pa yobiriwira, ndipo ulendo uno sunali wa Chrome, sunali wa Docker, sunali wa localhost. M'kaundula munalowa mizere iwiri ya mlimi mmodzi.

Analembera anzake a ku Lilongwe. Anamuyankha kuti aika nambala yapadera pa lisiti lililonse foni isanatumize, kuti seva ikaona nambala yomweyo kachiwiri izidziwa kuti ndi matumba omwe aja. Iye anati mayesowo awasiya ofiira mpaka zimenezo zitachitika, ndipo sawaikira lamulo lobwereza.

Funso lina sanathe kuliyankha, ndipo ndikuliika pano mwina wina mwa inu amene mumagwira ntchito zimenezi angandithandize. Alimi ambiri amene ndimawadziwa kuno alibe foni yokhala ndi Chrome. Ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo ndalama amazionera podina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Zimene kalaliki walemba pa webusaiti iwo saziona. Amangodikira uthenga wakuti ndalama yalowa. Selenium imayesa browser, ndipo imathera pomwe browser yathera. Kuchokera pa batani la kalaliki kukafika pa kafoni ka mlimi wa ku Liwaladzi pali mtunda wina, wodutsa m'makina a makampani angapo. Mwana wa mlongo wanga akuti mbali imeneyo ili ndi mayeso akeake, olembedwa ndi anthu ena, ndipo iye sanawaonepo. Kodi alipo amene amayesa ulendo wonsewo, kuchokera pasikelo mpaka m'manja mwa mlimi? Ngati alipo, amauyesera kuti?